Phiri la azungu? Analiumba ndi mzungu uti?

Koma abale, pali mawu ena ndikawamva mtima umandiwawa mpaka nsima osalowa. Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi ku Wynberg tinaima panja monga mwa masiku onse, kukamba za mtengo wa basi yopita kumudzi ndi za katundu amene anatumizidwa koma sakufika. Ine ndinangoti, bwanji tsiku lina tikakwere phiri la Lion's Head tonse, ndi ana omwe. Achimwene ena, munthu wamkulu ndithu, amene anafika muno mu Cape Town ana awo akuyamwa ndipo pano ali ku sekondale, anaseka mpaka kugwira m'mimba. Akuti, "Achemwali, zokwera mapiri n'za azungu. Ife tinabwera kudzasaka ndalama." Gulu lonse kuseka chikhakhali, ngati anena chanzeru.

Za azungu? Phiri? Analiumba ndi mzungu uti? Ndiuzeni dzina lake. Table Mountain mumaiona mukadzuka, mumaiona muli pamzere wa taxi, mukakhala ku Dunoon mumaiona yonse bwinobwino kutsidya kwa madzi. Mumaijambula n'kutumiza kumudzi kuti anthu adziwe kuti muli kunja. Koma kupondapo phazi ayi, ati n'za azungu. Chithunzi n'chanu, phiri n'la eni ake. Ndani anakugawirani choncho?

Ndipo musayambe n'komwe za ndalama. Njira ya Platteklip Gorge, yolunjika pamwamba penipeni pa Table Mountain, ilibe geti, ilibe tikiti, ilibe mlonda wofunsa kuti kwanu n'kuti. Amene amalipira ndi okwera cable car, ngolo yoyenda pa chingwe ija yakhala ikunyamula anthu kuyambira 1929. Wa miyendo salipira kanthu. Maola awiri kapena atatu, botolo la madzi m'manja, mwafika. Pamwamba pake n'mamita 1,086 basi. Inu a ku Mulanje amene munakula mukuyang'ana Sapitwa wa mamita 3,002, inu amayi amene munkatsika phiri la Zomba mutasenza mtolo wa nkhuni mwana ali kumbuyo, lero mukundiuza kuti kukwera phiri si chikhalidwe chathu? Lion's Head ndiye mwana, mamita 669. Pali pena pogwira unyolo ndi makwerero achitsulo, koma ana a sukulu amakwera akuseka. Mukafika pamwamba mumaona Robben Island, Camps Bay, doko ndi tauni yonse pansi panu. Ulere. Ulere, abale!

Chinanso chimene chimandipsetsa mtima ndi ichi. Pamalo okwera kwambiri pa Table Mountain pali mulu wa miyala umene amautcha Maclear's Beacon, unaunjikidwa ndi katswiri wa nyenyezi Thomas Maclear. Maclear yemweyo ndi amene mnzake David Livingstone anamutchulira Cape Maclear wathu wa ku Mangochi, kuja kwa Chembe. Tsono taonani. Kwathu mlendo amakwera ndege kudzasambira ku Cape Maclear, ife tili pa Blantyre kapena Lilongwe n'kumati kunyanja n'kwa azungu. Tawoloka malire atatu, tafika kuno, dzina lomwe lija lili pamwamba pa phiri lomwe timaliona tsiku ndi tsiku, tikutinso n'za azungu. Kwathu n'za azungu, kuno n'za azungu. Nanga zathu ndi ziti? Manda okha?

Mawu amene mukuwanena mukusekawo, kale anali olembedwa pazikwangwani m'dziko lino. Panali lamulo la mu 1953 lolekanitsa anthu pamalo a aliyense, mabenchi, zimbudzi, mapaki, ndipo magombe abwino anawasungira azungu okha. Mu 1989 Akibishopu Desmond Tutu anatsogolera anthu kupita ku magombe oletsedwawo, ku Strand ndi ku Bloubergstrand, apolisi akuwadikira ndi agalu ndi zikwapu. Anthu anamenyedwa chifukwa chofuna kuponda mchenga. Lamulolo linafafanizidwa mu 1990. Eni dziko anazula chikwangwanicho ndi magazi awo, ndiye iwe wochokera kwa Jali, kwa Goliati, ku Ekwendeni, wachitola n'kudzachikhoma m'mutu mwako wekha. Palibe wapolisi akukuthamangitsa. Palibe galu akukuuwa. Wadziletsa wekha, ndipo ukunyadira. Manyazi mulibe?

Chondiwawa kwambiri n'chakuti malo amenewa timawadziwa kuposa aliyense, koma timawadziwa ndi tsache m'manja. Ndani amapukuta magalasi a nyumba za ku Camps Bay kuti abwana aone bwino dzuwa likamalowa m'nyanja? Ndife. Ndani amatchetcha kapinga ku Constantia, phiri lili pamphuno? Ndife. Ndani amayendetsa galu wa abwana ku Sea Point m'mphepete mwa nyanja, kapena m'nkhalango ya Newlands? Ndife amene. Ndiye galu wa abwana akudziwa njira zonse za ku Newlands Forest, mwana wanu wobereka nokha sanaionepo. Galu! Mukamuyendetsa galuyo si za azungu, koma kutenga mwana wanu Lamulungu n'kukayenda naye njira yomweyo, pamenepo ndiye zasanduka za azungu. Inu a ku Imizamo Yethu, gombe la Hout Bay mumafika wapansi. A ku Masiphumelele, mchenga wautali wa ku Noordhoek uli kuseri kwanu. A ku Capricorn, Muizenberg ndi apo. Simukufunika ngakhale basi. Koma funsani kuti anapitako liti, yankho lake, "Aaa, kukatani?"

Inde timatopa, ena mapepala sali bwino, ndipo paphiri nthawi zina pamakhala achifwamba, ndiye pitani gulu, masana, osati nokha. Basi, ndathana nazo zimenezo. Kutopako sikukuletsani kukhala pa kireti kuseri kwa nyumba kuyambira m'mawa mpaka mdima, kukangana za Bullets ndi Wanderers zomwe simukuzionera n'komwe.

Pamwamba pa Table Mountain pali mbira zambirimbiri, zimangowothera dzuwa pamiyala, alendo a ku Germany ndi ku China ali kalikiliki kuzijambula. Ine ndikaziona ndimaseka ndekha. Akuluakulu anati mbira inasowa mchira chifukwa chotuma. Ndife amenewo. Maso athu tinatuma azungu kuti akationere. Miyendo tinatuma azungu kuti akatiyendere. Ife tidzamvera pa Facebook kuti Cape Town ndi yokongola, tili mu Cape Town momwemo.

Anthu amasunga ndalama chaka chonse, kukwera ndege usiku wonse kuchokera ku London, kudzaona zomwe inu mumazidutsa muli m'tulo pa sitima. Sitima yomweyo yodutsa pa Wynberg, mukangopitirira osatsika, ikufikitsani ku Muizenberg, St James, Kalk Bay mpaka Fish Hoek, njanji ikuyenda m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Tikiti ya sitima basi. Ku St James kuli dziwe lotchingidwa ndi khoma, madzi a m'nyanja amalowamo okha, ana amasamba mopanda mantha a mafunde. Ku Kalk Bay akatumbu a m'nyanja amakwera padoko kudikira matumbo a nsomba, ndipo inu a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota mukanakonda kuona mmene asodzi a kuno amatsitsira nsomba za snoek m'maboti. Kuyambira cha mu Juni mpaka Novembala anamgumi amabwera m'False Bay, mumawaona muli pamtunda akupemerera madzi m'mwamba. Namgumi, abale, amene tinkangomumva ku Sande sukulu! Ali pompano, palibe wolipiritsa. Ndipo amene mumati madzi a kuno amazizira, n'chifukwa munangoviika chala ku Camps Bay, mbali ya Atlantic. Mbali ya Muizenberg ndi yofundirako. Mukanadziwa mukanapitako.

Kwina kumalipiritsa, sindikukana. Ku Kirstenbosch, munda wa zomera uja unatsegulidwa mu 1913, pali geti. Ku Boulders ku Simon's Town, kumene kuli mapengwini, pali geti. Ku Cape Point pali geti. Koma ku Boulders ndi ku Cape Point munthu wa m'maiko a SADC akaonetsa pasipoti amalipira mtengo wotsika kuposa wochokera ku Ulaya, ndipo Malawi ali mu SADC, Zambia ali mu SADC, Mozambique chimodzimodzi. Anakuikirani mtengo wanuwanu, inu mukuti si zanu. Mapengwini aja anayamba kukhala pagombelo mu 1982, ndipo mu 2024 mtundu wawo unaikidwa m'gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Mwina adzukulu anu sadzawapeza. Inu muli nawo pafupi lero, mukuti mulibe nthawi. Ngati geti likukuopsani, Green Point Park ndi yaulere, Company's Garden pakati pa tauni ndi yaulere, Signal Hill ndi yaulere, pomwe pamalira mzinga uja wa 12 koloko umene umakudzidzimutsani muli pantchito. Chifukwa china chiti chatsala?

Ndipo ana. Apa ndiye ndimakwiya zenizeni. Mwana wabadwira mumzinda umene phiri lake linasankhidwa mu 2011 kukhala limodzi mwa zodabwitsa zisanu ndi ziwiri za chilengedwe, koma chomwe akudziwa ndi mall. Loweruka mall, Khirisimasi mall, tsiku lobadwa mall. Kusukulu anzake akukamba zoti anaona nyani ku Cape Point, iye chete, mutu pansi. Mukumuphunzitsa chiyani? Mukumuphunzitsa kuti zokongola za padziko zili ndi eni ake, iye gawo lake ndi kuzisesa. Mwanayo adzakula akukhulupirira zimenezo, ndipo simudzakhala ndi mzungu woti mumuloze chala. Mwamuuza ndinu, ndi pakamwa panu, mukuseka.

Akuti tinabwera kudzasaka ndalama. Chabwino. Mzungu amene mukumunenayo sasaka ndalama? Amwenye ndi Asilamu a ku Bo-Kaap amene amadzaza Signal Hill madzulo ndi mabanja awo sasaka ndalama? Anyamata a ku Khayelitsha amene mumakumana nawo akuthamanga kukwera Platteklip m'mamawa, amenewo ndi azungu? Ndalama yanuyo ithawa mukapuma tsiku limodzi? Tsiku lina mudzakwera basi ya ulendo womaliza, mafiriji ndi malata pa ngolo, mudzafika kumudzi. Agogo adzakufunsani kuti nyanja yamchere ija imaoneka bwanji, n'zoona kuti ilibe tsidya? Inu mudzayankha mtengo wa mafuta ophikira ku Bellville.

Komanso inu ochepa amene mumapitako, musaganize kuti ndakuiwalani. Mumapita pa 26 Disembala ndi pa 1 Januwale pokha, ndiye mumachoka pagombe ngati padutsa nkhondo. Mabotolo, matewera a ana, mafupa a nkhuku, zonse kukwirira mumchenga, mwana wa wina adzaponde galasi. Mowa pagombe ndi woletsedwa muno, mumadziwa, koma mumauthira m'botolo la Fanta n'kumadziona ochenjera, akakulandani muyambe kulira kuti akutizonda alendo. Ena kukoleza moto wootcha nyama pamalo osaloledwa, mphepo ya kuno mukuidziwa mmene imaombera. Mu Epulo 2021 moto unatsika phiri n'kutentha laibulale ya Jagger ku yunivesite ya Cape Town, mabuku a mbiri ya Africa kupsa, wina sanaphunzirebe. Ndipo iwe amene umakwera Lion's Head ndi sipika yaikulu pamapewa, nyimbo mpaka kugonthetsa anthu, ndani anakuuza kuti tabwera kudzamvera foni yako? Zimitsa chinthucho.