Mukondeni woipayo, koma musakwirire anthu amene anawapweteka

Pali chizolowezi china pakati pa olemba fan fiction chimene chimanditopetsa, ndipo lero ndichinena ngakhale ndikudziwa kuti ena mundikwiyira. Munthu amatenga mpangankhani woipa wa m'buku kapena wa mufilimu, amene tonse tinamuona ndi maso athu akunyoza, akuzunza, mwinanso akupha, n'kumulembanso ngati kamnyamata kofatsa kamene dziko silinakamvetse. Pofika mutu wachitatu akulira. Pofika wachisanu akugulira bwenzi lake maluwa. Anthu amene anawapweteka aja sakutchulidwanso n'kamodzi komwe, ngati kuti sanabadwe.

Kwa amene simuzitsata, fan fiction ndi nkhani zimene owerenga ndi oonera amalemba okha pogwiritsa ntchito ampangankhani a eni ake. Si kamasewera kakang'ono. Tsamba la FanFiction.net lilipo kuyambira 1998, Wattpad inayamba mu 2006, ndipo Archive of Our Own, imene inatsegulidwa kwa anthu mu 2009, inafika polandira mphoto ya zolembalemba yotchedwa Hugo mu 2019. Nkhani zili kumeneko ndi mamiliyoni. Ine ndimaziwerenga ndipo zina ndimazikonda kuposa mabuku amene zinachokeramo. Choncho musanditenge ngati mlendo amene akunyoza gule wosamudziwa.

Tiyambe ndi Draco Malfoy wa m'mabuku a Harry Potter, chifukwa ndiye wasambitsidwa kuposa onse. M'buku lachiwiri, ali ndi zaka 12 zokha, anatukwana Hermione, mtsikana mnzake wa Harry, ndi mawu onyoza mtundu wake, ndipo ananena kuti akulakalaka chilombo chimene chinkavutitsa ana asukulu chiphe iyeyo. M'buku lachisanu ndi chimodzi, mkanda wolodzedwa umene iye anatumiza unatsala pang'ono kupha mwana wasukulu mnzake Katie Bell, chakumwa chapoizoni chimene anakonzera mphunzitsi wamkulu Dumbledore chinatsala pang'ono kupha Ron, mnzake wa Harry, ndipo ndi iye amene analowetsa zigawenga m'sukulu modzaza ana. Usiku womwewo Bill Weasley, mkulu wake wa Ron, anang'ambidwa nkhope. Izi si mphekesera, zili m'bukumo.

Tsono zili m'bukumo ndi zinanso. Mnyamatayu anali ndi zaka 16, ankaopsezedwa kuti akalephera aphedwa limodzi ndi makolo ake, anakanika kupha Dumbledore atamupeza yekha n'kumulanda chida, ndipo m'buku lomaliza anazengereza kuulula Harry atagwidwa. Ameneyu ndi mpangankhani wokoma kumulemba: wamantha, wodzikuza, woleredwa m'tsankho, amene anazindikira mochedwa kuti zimene ankazitamanda ndi pakamwa zimanunkha magazi ukaziyandikira. Wolemba waluso angathe kutulutsa buku lathunthu pamenepa. Koma ambiri satero. Amasunga mantha ake ndi misozi yake, n'kutaya tsankho lake. Amatipatsa mnyamata wanzeru, wanthabwala, wachikondi chobisika, amene ankanyoza Hermione chifukwa choti ankamufuna. Chimatsala ndi dzina ndi tsitsi basi. Chizolowezichi n'chodziwika moti pa tsamba la TV Tropes, limene limasonkhanitsa zizolowezi za olemba nkhani, chili ndi dzina lakelake, Draco in Leather Pants, lochokera ku nkhani za fan fiction za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. J.K. Rowling, mlembi wa mabukuwo, analemba mu 2014 kuti zimamudetsa nkhawa kuona kuchuluka kwa atsikana amene anagwa m'chikondi ndi Draco, ndipo anati mnyamatayo sakubisa mtima wabwino kuseri kwa mwano wakewo.

Funso langa n'lakuti, bwanji Draco? Bwanji osati Crabbe ndi Goyle, anzake aja, amene nawonso analeredwa ndi makolo a gulu lomwelo la zigawenga? Bwanji nkhani zofotokoza mabala a mumtima a Dolores Umbridge kapena Peter Pettigrew, oipa ena a m'mabuku omwewo, sizichuluka chimodzimodzi? Yankho tonse tikulidziwa. Draco anaseweredwa ndi Tom Felton. Loki wa m'mafilimu a Marvel anaseweredwa ndi Tom Hiddleston. Kylo Ren wa mu Star Wars anaseweredwa ndi Adam Driver. Chifundo chathu chimatsatira nkhope. Woipa wokongola amapatsidwa ubwana wowawa ndi mkazi womumvetsa, woipa wonenepa kapena wokalamba amangokhala woipa mpaka kalekale. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma ife tikufika pokana kuti nyererezo zilipo.

Chimene chimandiwawa kwambiri si kusambitsako. Ndi mtengo wake. Kuti woipa aoneke woyera, pamafunika kuti wina ade, ndipo amene amada ndi wabwino uja. M'nkhani zambiri zokwatitsa Draco ndi Hermione, Ron amasanduka chidakwa, wachiwerewere, womenya mkazi, zinthu zimene sanachitepo m'mabuku onse 7. Nachonso chili ndi dzina, Ron the Death Eater, kutanthauza Ron wosandutsidwa mmodzi wa zigawenga zija. Ron ali ndi zofooka zake zenizeni, nsanje ndi kupsa mtima msanga, ndipo anathawapo anzake pa nthawi yovuta n'kubwerera. Koma zimenezo sizikwanira kuti Draco apambane, ndiye wolemba amamupekera milandu. Chimodzimodzi ndi Thor, mbale wake wa Loki, amene amalembedwa ngati chitsiru chankhanza kuti Loki, munthu amene anabweretsa gulu lankhondo mu New York mufilimu ya 2012, aoneke wolakwiridwa. Ukawerenga zoterezi umaona kuti wolembayo akudziwa bwinobwino kuti wokondedwa wakeyo sangapambane pa mlandu wachilungamo, n'chifukwa chake wayamba ndi kuipitsa mboni.

Ndiye pali amene sapatsidwa ngakhale mwayi woipitsidwa, amangofufutidwa. Filimu ya Star Wars ya 2015 imayamba ndi Kylo Ren akulamula kuti anthu a mudzi wonse aphedwe. Isanathe, wapha bambo ake omubereka. Werengani nkhani zachikondi za iye ndi Rey, mtsikana amene amalimbana naye mufilimuyo, muone kuti ndi zingati zimene zimakumbukira mudzi uja. Za bambo ake zimatchulidwa, inde, koma zimatchulidwa ngati bala la iyeyo, chinthu chimene chimamulepheretsa kugona, choti Rey amutonthoze. Wophedwayo wasanduka chokometsera chisoni cha womupha.

Ndikudziwa zimene muyankhe. Muti ndi nthano chabe, palibe wafa. Muti fan fiction cholinga chake n'chomwecho, kusintha zinthu, kufunsa kuti zikanakhala bwanji. Pamenepo tigwirizana pang'ono. Kukopeka ndi woipa si tchimo ndipo sikunayambe ndi intaneti. John Milton atatulutsa buku lake la Paradise Lost mu 1667, Satana wake anatuluka wamoyo ndi wolankhula mogwira mtima kuposa angelo onse, moti patapita zaka zoposa 100 mlakatuli William Blake ananena kuti Milton anali kumbali ya mdyerekezi mosadziwa. Woipa ndiye amayendetsa nkhani, ndiye amafuna chinthu ndi mtima wonse, pamene wabwino nthawi zambiri amangodikira kuti ayankhe. Ndiponso wolemba akanena poyera pamwamba pa nkhani yake kuti ili ndi dziko lina, mmene Kylo Ren ndi mphunzitsi wa pa yunivesite amene sanaphepo ngakhale ntchentche, ndilibe naye mlandu. Wanena zoona, ndipo nkhani zina zotere zinafika posindikizidwa ngati mabuku, mayina atasinthidwa.

Mkangano wanga uli ndi amene amati akulemba munthu yemweyo, m'dziko lomwelo, zonse zija zitachitika, koma n'kuyembekezera kuti tiiwale. Kenako amatuluka m'nkhani zawo n'kuyamba kukangana ndi aliyense kuti umu ndi mmene mpangankhaniyo alili, kuti amene akumutcha woipa sanawerenge bwino. Munthu wawerenga fan fiction yambiri mpaka yaphimba buku lenileni m'mutu mwake. Ukamuonetsa tsamba, amakuuza kuti mlembi mwini wake sanamumvetse.

Ndipo kunena kuti ndi nthano chabe sikutseka nkhani. Taonani mmene nkhani zimenezi zimayendera: mwamuna wankhanza kwa aliyense, koma wofewa kwa mkazi mmodzi, ndipo chikondi cha mkaziyo ndicho chimamuchiritsa. Nkhanza zake zimakhala umboni wa kukula kwa chikondi chake. Sindikunena kuti aliyense wowerenga zimenezi adzakakamira kwa mwamuna womumenya, anthu si opusa choncho. Koma maganizo akuti ndimusintha ine, ndi ine ndekha amene ndimamumvetsa, si a m'mabuku mokha, ndipo amene anawakhulupirira pa moyo weniweni ambiri analira. Penn Badgley, amene ankasewera Joe Goldberg m'sewero la pa TV lotchedwa You, munthu wozembera akazi ndi kupha, mu 2019 anachita kumayankha yekha pa Twitter akazi omusirira Joe, kuwakumbutsa kuti ameneyu ndi wakupha. Zikafika poti wosewerayo akuchita mantha ndi omukonda, ndiye kuti penapake pasokonekera.

Makampani a mafilimu nawonso anaona kuti pali ndalama. Maleficent, mfiti ya mu Sleeping Beauty, anasambitsidwa mu 2014. Cruella, mayi amene tinamudziwa chifukwa chofuna kusenda tiana ta agalu kuti asokere chikhothi, mu 2021 anapatsidwa filimu yake mmene agalu a mtundu womwewo anagwetsera kuphompho mayi amene anamulera. Ndinaseka, koma ndinazindikira kuti njira yake ndi yomwe ija: mupezereni bala, ndiye zonse zakhululukidwa.

Chikhalirecho woipa angathe kusintha, ndipo nkhani ya kusinthako ikalembedwa bwino palibe yoiposa. Zuko wa mu Avatar: The Last Airbender, imene inaonetsedwa kuyambira 2005 mpaka 2008, anawotchedwa nkhope ndi bambo ake ali ndi zaka 13 n'kupirikitsidwa kwawo. Bala ali nalo, lenileni, looneka. Koma olemba sanaligwiritse ntchito ngati chikhululukiro. Atapatsidwa mwayi woyamba wosankha chabwino, anasankha choipa n'kupereka Iroh, mbale wa bambo ake amene ankamukonda ngati mwana wake. Atabwerera kudzapepesa kwa Avatar ndi anzake, amene kale ankawasakasaka, sanalandiridwe ndi manja awiri. Katara, mmodzi wa iwo, anamuuza maso ndi maso kuti akangoterereka pang'ono amumaliza. Suki, mnzawo wina, anamukumbutsa kuti anawotcha mudzi wake. Anayenera kugwira ntchito kuti aliyense amukhulupirire, mmodzimmodzi, ndipo olakwiridwawo anasiyidwa kuti akwiye mpaka mkwiyo wawo utatha wokha. N'chifukwa chake timamukhulupirira. Palibe chimene chinafufutidwa kuti iye akome.

Zimenezi n'zovuta kulemba, ndipo ndikuganiza kuti ulesi ndiwo gwero la vuto lonseli kuposa mtima woipa. N'kosavuta kulemba kuti bambo ake ankamuzunza kusiyana ndi kulemba tsiku limene Draco wakumana ndi Katie Bell pakhomo, alibe chonena, ndipo Katie sakufuna kumva kupepesa kwake. N'kosavuta kusandutsa Ron chilombo kusiyana ndi kulola Hermione asankhe pakati pa mwamuna wabwino ndi mwamuna amene anamufunira imfa, wolemba n'kutikhutiritsa kuti kusankhako n'komveka. Nkhani zotere zilipo, ndinaziwerengapo, ndipo olemba ake ndimawavulira chipewa. Zimakhala zazitali, zowawa, ndipo kupsompsonana kumachedwa kwambiri, mwina osafika n'komwe.

Amene muli ndi nkhani ya Draco imene Katie Bell amalankhulamo, nditumizireni. Zimene Ron wayamba kumenya mkazi pa tsamba loyamba, khalani nazo.