Ku Zambia mkulu wa mapulogalamu amagula masewero, kuno amagulitsa maola

Alengeza kuti sewero liyamba 8 koloko madzulo. Ikwana 8:40, pa kanema pakadali akuluakulu a masuti akudula riboni pa mwambo wa kampani yomwe yalipira nthawi. Palibe ngakhale kamzere kopepesa pansi. Sabata yotsatira akubwerezerani gawo lomwe munaonera kale. Ndiye tsegulani Zambezi Magic, tchanelo cha pa DStv choonetsa masewero a ku Zambia: nthawi ya sewero la Mpali ikakwana, ndi Mpali basi, mungathe kutchera wotchi. Zimawawa, chifukwa luso la ochita zisudzo athu silichepa kwa anzathu a ku Lusaka. Tasiyana pa mpando umodzi, wa mkulu wa mapulogalamu.

Ntchito ya munthu ameneyu ndi kudziwa amene wakhala pamaso pa kanema ola lililonse ndi kumuikira chomuyenera. Amakonza ndandanda ya miyezi itatu, n'chifukwa chake masewero a kamodzi pasabata amabwera ndi magawo 13. Danga la mphindi 30 si mphindi 30 za sewero: sewero limatenga 24 kapena 26, zotsalazo ndi za malonda ndi zolengeza. Sewero la Lolemba mpaka Lachisanu limadya magawo 260 pachaka, ndiye wanzeru salola kuti liyambe kuonetsedwa asanalandire magawo okwanira mwezi wathunthu. Wojambula akadwala kapena kompyuta yolumikizira zithunzi ikafa, nkhokwe imeneyi ndi imene imakupulumutsa. Kubwereza gawo kuja ndi chizindikiro chakuti nkhokwe munalibe.

Kwa anzathuwa, mkuluyu amaitanitsa. Amalengeza mtundu wa sewero lomwe akufuna, opanga amabweretsa malingaliro ndi gawo loyesera, amasainirana pangano, ndalama zimatuluka pang'onopang'ono magawo akamaperekedwa. Popeza walipira, ali ndi mphamvu yobweza gawo lomwe mawu ake sakumveka, kapena kuuza olemba kuti nkhani yazizira.

Kuno zimayenda chobwerera. Wopanga sewero amajambula ndi ndalama zake, nthawi zambiri n'kuuzidwa kuti akasake yekha siponsa wolipira nthawi. Mkulu wa mapulogalamu wasanduka wobwereketsa mabenchi mumsika. Angabweze bwanji pulogalamu ya munthu amene wabwera ndi cheke? Siponsa akachoka pa gawo lachisanu ndi chimodzi, sewero lafera pomwepo, oonera osadziwa ngati mkazi uja anabwerera kwa mwamuna wake. Ndipo madzulo pambuyo pa nkhani, nthawi yomwe banja lonse lili pabalaza, imapita kwa amene walipira zambiri, kaya ndi mlaliki kaya wogulitsa mankhwala azitsamba.

Chilungamo chake, anzathuwa anayamba kale. Kanema anafika ku Kitwe mu 1961, pamene Television Malawi inatsegulidwa mu 1999. Zaka 38 si masewera. ZNBC, kanema wa boma la Zambia, ili ndi msonkho wa kanema, womwe unakwera kufika K5 ya ku Zambia pamwezi mu 2018, kangachepe koma kobwera mwezi ndi mwezi. Sukulu yophunzitsa kupanga mafilimu ya MultiChoice Talent Factory ya chigawo chino cha Africa anaiika ku Lusaka. Komanso tisawatamande mopitirira: ndalama za masewero a Mpali ndi Zuba ndi za MultiChoice, kampani yochokera ku South Africa, osati za boma la Zambia. Ndale nazo kumeneko ziliko. Prime TV, kanema yemwe si wa boma, anailanda laisensi mu April 2020, inabwerera boma litasintha mu 2021. Chilala cha 2024 chitaphwetsa damu la magetsi la Kariba, magetsi awo ankazima kuposa athu, ndipo ndandanda yabwino ilibe ntchito m'nyumba ya mdima.

Mkulu wathu naye ndimamumvera chisoni penapake. Mapulogalamu akunja amagulidwa ndi madola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 bajeti yake inafota usiku umodzi. Kawirikawiri alibenso chiwerengero chodalirika cha oonera, ndiye amayeza kutchuka kwa pulogalamu ndi mafoni obwera mu situdiyo ndi ndemanga za pa Facebook. Wotsatsa malonda akafunsa kuti ndi anthu angati amaonera 8 koloko, yankho limakhala "ambiri".

Koma kusunga nthawi sikufuna madola. Mwambo wolipidwa upatsidwe malire m'pangano, ola likatha udulidwe, zotsala akazionetse masana. Wachinyamata amene akukwera kuchoka pa upulodyusa kupita pa mpando umenewu ku Lusaka amaphunzira kuwerenga sikiripiti, bajeti ndi mapangano a umwini wa sewero. Mnzake wa ku Blantyre amayamba waloweza mitengo ya mphindi, ndi nambala ya foni ya bwana amene angaimbe 7:55 kuti ndandanda isinthe.