Amene akuwononga ana athu a sekondale ndi akuluakulu ogulitsa

Anthu a ku Chipata, lero ndapsa mtima ndipo ndilankhula basi, wokhumudwa akhumudwe. M'mawa uno popita ku Kapata ndinaima pa kantemba kena kuti ndigule talk time, kutsogolo kwanga kuli kamnyamata ka yunifomu, tayi m'khosi, chikwama cha mabuku kumsana, poona msinkhu ndi wa Giredi 10 kapena 11. Sanatsegule n'komwe pakamwa, anangoika ndalama pa kauntala, mwini kantemba anawerama n'kutulutsa kabotolo ka junta, mowa wa ukali wotchipa uja, pansi, n'kutsanulira m'botolo la maheu lopanda kanthu, kutseka bwinobwino, kumupatsa. Mwana uja n'kulowetsa m'chikwama pambali pa makope, uyo ulendo wa kusukulu. Ndinafunsa kuti atate, kodi simukuona kuti uyu ndi mwana wa sukulu? Iwo ati amayi, ine nigulitsa chabe, sinifunsa reji ya munthu. Bambo wa imvi zake ameneyo, amene kunyumba kwake kuli ana ndi adzukulu!

Ndiye musandiuzenso kuti ana a masiku ano ndi osamva. Ndatopa nawo mawu amenewo. Mwana satcheza kachasu. Mwana salima chamba kudimba n'kumachimanga timabola. Mwana alibe shopu, alibe bala, alibe shabini. Chilichonse chimene mwana wa zaka 15 akumwa kapena kusuta kuseri kwa zimbudzi za sukulu chadutsa m'manja mwa munthu wamkulu, ndipo wamkulu ameneyo analandira ndalama, kuwerenga, kubweza chenji akuyang'ana baji ya sukulu pa malaya. Inde, kutengerana kwa anzawo kulipo, umphawi ulipo, mafoni alipo, koma zonsezo sizitsegula botolo. Amene amatsegula ndi wogulitsa.

Ndipo chimene chikundiwawa kwambiri n'choti ogulitsawa timawadziwa. Si alendo ochokera kutali ayi, ndi aneba athu a ku Mchini, ku Nabvutika, ku Magazine, timakhala nawo pa benchi imodzi kutchalitchi, pamaliro timadya nawo nsima m'mbale imodzi, ena mpaka ndi a komiti ya makolo kusukulu komweko. Aliyense mu komboni amadziwa nyumba imene anyamata amalowa ali bwinobwino n'kutuluka maso ali psuu, koma tonse zii, ati tisadane ndi aneba. Udane ndi ndani? Munthu amene akumwetsa mwana wako mowa wa ukali m'mawa asanadye kanthu ndi mdani wako kale, ngakhale akupatse moni womwetulira.

Lamulo lilipo kalekale. Liquor Licensing Act ya 2011 imaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18. Mu 2012 a Nkandu Luo ali nduna analetsa tujilijili, mowa wa ukali wa m'timapepala, tonse tinaomba m'manja, koma ogulitsa anangochotsa mowa uja m'timapepala n'kuuika m'timabotolo, mtengo wake ndi uja mwana angakwanitse ndi ndalama imene mayi ake amupatsa ya vitumbuwa pa buleki. Palinso mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, amene ana akusakaniza ndi zakumwa zozizira, kodi amawatola pamsewu? Pali munthu wamkulu amene akuwatulutsa pakhomo la kuseri popanda pepala la dokotala. A DEC, bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo, akabwera kusukulu kudzalankhula ndi ana pa asembule ndi bwino ndithu, koma ana amva kokwanira, tsopano pitani mukagogode kwa amene akugulitsa. A khonsolo, laisensi mumapereka ndinu, kulanda kukuvutani chiyani? Landani imodzi, tsekani kantemba kamodzi anthu akuona masana dzuwa likuswa mtengo, muone ngati ena sachita mantha.

Kusukulu akamugwira mwana ndi botolo amamuthamangitsa kuti akaitane makolo, mwana akwapulidwa kunyumba, nkhani yathera pompo. Palibe amene amamugwira dzanja n'kunena kuti tiye ukatilozere kumene wagula. Mwana walangidwa, wogulitsa mawa lake watsegula 6 koloko monga mwa masiku onse akudikira kasitomala wina wa tayi. Boma linachotsa mafizi mu 2022 kuti ana onse aphunzire, makalasi adzaza, makolo osauka anapuma, ndiye wina waona kuti ana ochulukawo ndi msika wake. Mwana akazasokonezeka mutu ndi chamba, amene azavutike kumutengera ku chipatala cha odwala misala cha Chainama ku Lusaka, makilomita opitirira 500, kugulitsa mbuzi ndi chimanga kuti apeze thiransipoti, ndi mayi ake, wogulitsa sazaponyako ngakhale K1.

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati sungapatse mwana wako wobereka wekha junta m'botolo la maheu, wa mnzako ukumupatsiranji? Ine kuyambira lero sindigulanso ngakhale machesi pa kantemba kogulitsa mowa kwa ana, ndipo azimayi anzanga a mu sekishoni ndiwauza onse dzina la kantembako Lamlungu lino. Mafumu, ma chairman a m'makomboni, abusa, lekani kukalipira ana okha pa guwa, tchulani ogulitsa.

Komanso awa oika makina a juga a bonanza pafupi ndi masukulu, inunso ndinu amodzimodzi. Ana akuthawa piriyodi ya masamu kukaponya makoini, akaluza akuba ndalama ya ndiwo kunyumba, akawina akupita nayo kwa wa junta uja. Makina amenewo sanadziike okha pakhonde, pali mwini nyumba amene anavomera ndipo amalandira yake pakutha pa mwezi.