Kulandira mtsikana wotayidwa si kulimbikitsa uhule

Ndakwiya ine ndipo sindibisa. Dzulo titatuluka mu misa bambo wina wamkulu ndithu, tayi pakhosi, amayankhula mokweza kuti masisitere olandira atsikana apakati aja akulimbikitsa uhule, eti mwana akalakwa azimva kuwawa kuti anzake atengerepo phunziro. Anthu nkumangogwedeza mitu. Zoona zimenezi?

Mtsikana amamunenayo ndi wa zaka 16. Anamuthamangitsa kwawo usiku, zovala mu jumbo, foni atamulanda, achibale onse zitseko tseke. Amene anatsegula ndi sisitere. Anamupatsa madzi osamba ndi pogona, kutacha nkumuperekeza ku sikelo atamugwira dzanja chifukwa mwanayo amanjenjemera ndi manyazi. Pano ali pa mashini akuphunzira kusoka ndipo akuti akachira abwerera ku sukulu. Nde uhule wake uli pati pamenepa? Kumusambitsa mwana wolira ndi uhule? Kumupatsa pogona ndi uhule?

Ntchito imeneyi siyayamba lero abale. Masisitere a M'busa Wabwino anayamba mu 1835 ku Angers ku France, woyambitsa wake Mary Euphrasia Pelletier, ndipo cholinga chake chinali chomwechi, amayi ndi atsikana amene dziko lawataya. Pomwe amamwalira mu 1868 nyumba zawo zinali zitafika 110, ndipo mpingo unamutcha woyera mu 1940. Pamwamba pa malumbiro atatu aja a umphawi, kudzisunga ndi kumvera, iwowa amalumbiranso lachinayi, la changu chopulumutsa anthu. Lero ku Kolwezi ku Congo akuchotsa ana m'migodi ya cobalt nkuwaika m'kalasi. Inde ku Ireland kunachitika nkhanza m'nyumba zina za masisitere momwe atsikana otere amagwiritsidwa ntchito yochapa zovala mpaka boma linapepesa mu 2013, zimenezo nzoipa ndipo tizinene poyera, koma kumeneko cholakwa chinali kuzunza atsikana, chomwecho chimene inu bambo mukufuna chizichitika.

Kaya ndi umphawi, kaya ananamizidwa, kaya anagwiriridwa, mwana wafika pakhomo basi ndipo wina ayenera kutsegula. Inu simunatsegule. Ine sindikuwona chifukwa choti munthu amene anakana kutsegula azinyoza amene anatsegula. Mwana wamnzako ngwako yemwe. Ngati simungathe kumusunga khalani chete, asiyeni okhoza amusunge, osati inu kumutaya kenako nkumakwiyira womutola. Chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe, nanunso muli ndi ana aakazi kunyumba kwanu.

Ndipo chinanso chikundinyansa, m'nkhani yonseyi palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa za mwamuna anapereka mimbayo. Mwana wa zaka 16 sanadzipatse yekha mimba. Mwamunayo akuyenda bwinobwino, kuntchito akupita, moni mukumupatsa ndi manja awiri, dzina lake inu bambo mukulidziwa koma dzulo simunalitchule.