Chipika chikawoloka malire, ntchito nayo yawoloka

Achimwene anga ndi kalipentala pa Limbuli, kufupi ndi chipata cha Muloza. Bedi limodzi likamatuluka m'shedi mwawo limakhala ladyetsa wocheka matabwa, wopala, wopaka vanishi, mpaka mnyamata wa njinga wokalitula kwa mwini wake. Ndiye ndikamva kuti kukubwera azamalonda akunja, funso langa limakhala limodzi: akudzapanga mipando konkuno, kapena akudzangotenga mitengo?

Anzathu a ku Mozambique, tsidya la Milange, analiona vutoli. Zipika za mlombwa, umene iwo amati umbila, zinkadzaza makontena kupita ku China, eni nkhalango n'kutsala ndi zitsa. Kuyambira 2017 boma lawo linaletsa kutumiza kunja mitengo yosacheka. Ozembetsa sanathe, ndipo kucheka thabwa sikupanga mpando, komabe lamulolo likuloza koyenera: wofuna mtengo wathu abwere ndi makina ake, alembe ana athu ntchito.

A ku Tanzania anayambira kumunda. Ku Mafinga kuli nkhalango yodzala ya Sao Hill, ndipo kampani ya Green Resources, imene inayambika ndi ndalama za ku Norway, imadzala paini ndi bulugamu n'kumacheka komweko.

Ife sitili chimanjamanja. Raiply ku Chikangawa imapanga pulayiwudu ndi mipando, ndipo anthu ambiri amadyera pomwepo. Koma kuno ku Mulanje nkhani ndi yowawa. Mkungudza wa m'phirimu, mtengo wa fuko lathu, umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko, tinaucheka mpaka kalembera wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Unatsika m'phiri pamitu ya anthu, thabwa ndi thabwa, osasiya ngakhale fakitale imodzi pa Chitakale. A Mulanje Mountain Conservation Trust akudzalanso, koma mkungudza sukula ngati chimanga.

Achimwene sapempha zambiri. Akufuna matabwa ouma bwino, chifukwa auwisi amapindika tebulo lisanathe chaka, kasitomala n'kuthamangira masofa ochokera kunja. Akufunanso magetsi osazimazima. Wobwera ndi ndalama atamanga choumitsira matabwa pa Luchenza, n'kudzala paini wakewake, n'kumapereka maoda a madesiki a sukulu kwa akalipentala a m'mashedi, anyamata ophunzira ntchito zamanja kudzera ku bungwe la TEVETA sakanawolokera ku Milange kukasaka ganyu.