Holo ya misonkhano ikadali pachikwangwani

Lero ndadutsanso pamalo paja akuti amangapo holo ya misonkhano. Malata otchinga achita dzimbiri, udzu wafika m'chiuno, koma chikwangwani chikadali chilili: chithunzi cha holo yagalasi lokhalokha, anthu ovala masuti akumwetulira. Akumwetulira chiyani anthu amenewa?

Ataika mwala wa maziko tinawomba m'manja. Kenaka akuti kontirakitala wasintha. Kenaka mapulani akuunikidwanso. Kenaka mvula, ngati kuti mvula yayamba kugwa chaka chino! Zitsulo zangoti njo kuloza kumwamba, mbalame zamangapo kale zisa (zokhazo ndiye zamaliza ntchito pa nthawi yake).

Ndiye akuti tikope alendo a misonkhano ikuluikulu. Tiwakopa ndi chiyani, mulu wa mchenga? Okonza misonkhano yotereyi amasungitsa malo kudakali zaka ziwiri kapena zitatu. Cape Town inatsegula holo yake mu 2003, Kigali mu 2016, ndipo nthumwi zikukhamukira kumeneko, kugona m'mahotela awo, kukwera matakisi awo. Ife kuno eni mahotela akungoyala mabedi opanda wogonapo.

Wina akuti ndifatse, Sydney Opera House, holo yotchuka ya zisudzo ya ku Australia, inatenga zaka 14 kumangidwa. Chabwino. Amene wapindula ndi mlonda wa pamalo athu aja, ntchito yake ndi yokhazikika, adzapumira pompo.