Hybrid kuchigwa kuno: nkhani yagona pa batire

Ma Toyota Aqua ndi Prius, omwe ndi magalimoto a hybrid (oyendera mafuta ndi magetsi a batire), ayamba kuoneka pamsewu wa M1, kuchokera ku Chikwawa kudutsa Nchalo ndi Ngabu mpaka ku Nsanje. Akuti samwa mafuta ambiri ndipo utsi ndi wochepa. N'zoona. Koma maganizo anga ndi akuti kuno hybrid ingathandize chilengedwe pokhapokha batire yake itakhalitsa, ndipo chimene chimaipha msanga ndi dzuwa lathu la mu Okutobala, lopitirira madigiri 40, pamodzi ndi fumbi.

Batire ya Aqua, ya mavolti 144, ili pansi pa mpando wakumbuyo. Imazizira ndi fani yokoka mpweya wa m'galimoto momwemo kudzera pakabowo ka m'munsi mwa mpandowo. Fumbi la misewu yadothi, tsitsi, ulusi wa thonje, zonse zimakaunjikana pa faniyo. Ena mpaka amatsamiritsa thumba la mpunga pabowopo! Batire ikamatentha, injini sipumanso, mafuta amayamba kutha ngati galimoto wamba, kenako nyali yochenjeza imayaka ndipo kompyuta ya makaniko imaonetsa nambala ya vuto ya P0A80. Apo ndiye kuti batire yatha ntchito. Tsukitsani faniyo pakatha miyezi 6, imikani galimoto pamthunzi, ndipo AC musamaiumire. Mukaizimitsa pofuna kusunga mafuta, batire imapuma mpweya wotentha umene mukupuma inuwo.

Za AC zomwezo: kompuresa yake ndi yamagetsi, imafuna oyilo wa ND-11. Wodzaza gasi akathira oyilo wa galimoto wamba, magetsi amayamba kudontha m'kati ndipo kompuresa imawonongeka. Funsani asanagwire.

Potsika chitunda cha Thabwa ikani giya pa B kuti injini izithandiza kugwira galimoto. Batire imatha kudzadza mukutsika, ndipo ikadzadza mota yamagetsi sithandizanso kugwira galimoto, ntchito yonse imatsalira mabuleki.

Madzi osefukira tonse tikuwadziwa, Namondwe Freddy wa 2023 sitinamuiwale. Madzi akafika pa mipando, musalize galimoto, ikokedwe. Mawaya a mtundu wa lalanje ndi a magetsi oopsa, makaniko wosaphunzira za hybrid asawakhudze. Batire yakufa musaitaye kudzala kapena kuipereka kwa ana aziphwasula, muli mankhwala owotcha khungu. Isiyeni kwa amene wakuikirani ina.